Mmene Osewera pa Intaneti Amapezera Poyambira Chigawo Chatsopano cha Sewero

JOHANNESBURG - Dera la Fourways, kumpoto kwa mzinda wa Johannesburg, linatenga dzina lake ku mphambano pomwe msewu wa Witkoppen umadutsana ndi msewu womwe kwa zaka zambiri unkatchedwa William Nicol, umene mu 2023 unapatsidwa dzina la Winnie Mandela. Malo omwe kale anali minda ndi tchire lero adzaza nyumba za m'mipanda, masitolo a Fourways Mall komanso malo achisangalalo a Montecasino, omwe anatsegulidwa mu 2000. Makilomita ochepa kuchokera pamphambanoyi, pafupi ndi masitolo a Northgate, pali chinyumba chachikulu chozungulira chomwe anthu amangochitcha Dome. Kuyambira mu 2003, kwa zaka zambiri, chinyumbachi ndicho chinkachititsa chionetsero cha masewera a pakompyuta chotchedwa rAge, chomwe anachiyambitsa ndi eni magazini ya NAG. Achinyamata ankanyamula makompyuta awo kuchokera kunyumba, kuwalumikiza pamodzi, n'kugona pomwepo masiku atatu. Chinyumbachi chinagulitsidwa mu 2021 kwa kampani yogulitsa magalimoto, koma mbadwo wa osewera umene unakulira m'dera limeneli udakalipo, ndipo ena mwa iwo tsopano ali ndi ana omwe nawonso akusewera.

Pakati pa anthu otere pali funso limene limabwerera pafupifupi zaka ziwiri zilizonse. Chigawo chatsopano cha sewero chatuluka, ndalama zalipidwa, munthu walowa m'seweromo, koma sakuona chachilendo chilichonse. Nanga ayambire pati?

Mawu atatu ofunika kuwamvetsa

Masewera amene akukambidwa pano ndi aja omwe anthu masauzande ambiri amalowa m'dziko limodzi longopeka pa nthawi imodzi, aliyense ali pakompyuta yake. Lodziwika kwambiri ndi World of Warcraft la kampani ya Blizzard Entertainment ya ku California, lomwe linatuluka ku America pa 23 Novembala 2004 ndipo linafika ku Ulaya pa 11 Febuluwale 2005. Mu 2010 linali ndi anthu 12 miliyoni olipira mwezi ndi mwezi.

M'masewera amenewa wosewera amakula potumidwa. Munthu wa m'sewero, woyendetsedwa ndi kompyuta, amamupatsa ntchito: kukapereka kalata kumudzi wina, kukapha zilombo khumi, kukapulumutsa wogwidwa. Ntchito imeneyi osewera amaitcha quest. Liwuli ndi lovuta kulimasulira, chifukwa limagwira mbali ya ulendo, mbali ya kufunafuna ndi mbali ya kutumidwa. Liwu la Chichewa loyandikira kwambiri ndi utumiki, koma popeza limamveka la kutchalitchi, nkhani ino ingoti ntchito. Wosewera akamaliza ntchito zambiri amakwera mlingo, ndipo mlingo ndiwo umanena malo omwe angathe kupondako osaphedwa. Liwu lachitatu ndi expansion, kutanthauza chigawo chowonjezera chomwe kampani imagulitsa padera: dziko latsopano, milingo yatsopano, nkhani yatsopano.

Vuto limabadwa chifukwa chakuti dziko lakale silichoka. Chigawo chatsopano amachilumikiza ku chakale, ndipo khomo lake limakhala penapake m'dziko lalikulu loti kulidutsa pa kavalo wa m'sewero kumatenga nthawi yaitali.

Mfuuliro wachikasu

Chizindikiro choyamba chimene wosewera aliyense amaphunzira ndi mfuuliro wachikasu woyandama pamwamba pa mutu wa munthu wa m'sewero. Tanthauzo lake ndi lakuti munthuyo ali ndi ntchito yoti apereke. Mfunsiro wachikasu umasonyeza kuti ntchito yatha ndipo mphotho ikudikira. Mfuuliro wotuwa umauza wosewera kuti ntchito ilipo koma iye sanakwane mlingo, pomwe wobiriwira ngati thambo umasonyeza ntchito zobwerezedwa tsiku ndi tsiku. N'zochititsa chidwi kuti zizindikiro ziwiri za m'kalembedwe, zomwe mwana wa sukulu amaziphunzira pamodzi ndi mpumiro ndi mpatuliro, zinasanduka chilankhulo chomwe Mzulu, Mjeremani ndi Mchewa amachimva mofanana popanda womasulira, ndipo makampani ena ambiri anazitengera.

Komabe m'zaka zoyambirira mfuuliro unkaoneka pokhapokha wosewera atafika pafupi ndi mwini wake. Mapu sankasonyeza kanthu. Wosewera ankayenera kuwerenga mawu a ntchitoyo mosamala, chifukwa mmenemo ndimo munkalembedwa kuti apite kumpoto kwa mtsinje kapena kuseri kwa phiri. Amene sankafuna kuwerenga ankafunsa anzawo pa malo ochezera a m'seweromo, kapena kukafufuza m'nkhokwe za pa intaneti monga Thottbot, kenaka Wowhead, momwe osewera ankasonkhanitsa manambala osonyeza pomwe munthu aliyense wa m'sewero waima. Kumapeto kwa 2007 kampani inayamba kusonyeza opereka ntchito pa mapu aang'ono a pakona, ndipo mu Disembala 2009 inayamba kujambula pa mapu aakulu malo enieni ogwirira ntchitoyo. Izi zisanachitike osewera ambiri anali atadziikira kale mapulogalamu othandizira monga QuestHelper, omwe ankaika muvi wolozera njira. Kampaniyo kwenikweni inangovomereza zomwe makasitomala ake anali kuchita kale.

Khomo limodzi, kenaka awiri

Chigawo choyamba, The Burning Crusade, chinatuluka pa 16 Januwale 2007, ndipo makope pafupifupi 2.4 miliyoni anagulidwa tsiku loyamba. Khomo lake linali limodzi, komanso linali khomo lenileni: chipata chachikulu chamiyala chotchedwa Dark Portal, kumapeto kwa dera louma la Blasted Lands. Wosewera ankayenera kukhala wa mlingo 58 kuti adutse. Panalibe kusochera kwenikweni, pakuti chipatacho chinalipo m'sewero kuyambira pachiyambi, chotseka, ndipo aliyense ankadziwa pomwe chili. Vuto linali khamu. Usiku wotsegulira anthu anaunjikana pamaso pa chipatacho, ndipo atadutsa onse anagwera m'dera limodzi la Hellfire Peninsula, momwe ankalimbirana zilombo zomwezo. Makompyuta a kampani anavutika kunyamula chikhamucho.

Phunziro limeneli ndilo linaumba chigawo chachiwiri, Wrath of the Lich King, cha pa 13 Novembala 2008. Dziko latsopano la Northrend linali ndi makomo awiri, lina kumadzulo ku Borean Tundra, lina kum'mawa ku Howling Fjord. Osewera a mbali ya Alliance ankakwera sitima ya pamadzi padoko la Stormwind kupita kumadzulo, kapena padoko la Menethil kupita kum'mawa. A mbali ya Horde ankakwera chombo cha mumlengalenga pafupi ndi Orgrimmar kapena pafupi ndi Undercity. Khamu linagawikana, koma funso lakuti "ndiyambire pati" linabadwa pomwepo, popeza tsopano panali madoko anayi, ndipo pa doko limodzi pankaima sitima zopita kosiyana. Ambiri anakwera yolakwika n'kukatsikira kudziko lakale lomwe ankalidziwa kale.

Mu Disembala 2010, ndi chigawo cha Cataclysm, kampani inaika zikwangwani m'mizinda ikuluikulu: Hero's Call Board kwa a Alliance ndi Warchief's Command Board kwa a Horde. Chikwangwanicho chinkayang'ana mlingo wa wosewera n'kumupatsa ntchito yaing'ono yomutumiza kudera lomuyenera. Ntchito zotere osewera amazitcha breadcrumb, kutanthauza nyenyeswa za buledi zotayidwa m'njira kuti wotsatira asasochere. Mwa izo zokha zilibe phindu lalikulu. Cholinga chake ndi kusuntha munthu kuchoka pano kupita apo.

Kuyambira pa Mists of Pandaria mu Sepitembala 2012, ntchito yoyamba inayamba kudzibweretsa yokha. Wosewera wokwana mlingo akangolowa mumzinda waukulu, uthenga umatulukira pagalasi lake womuitana kwa mfumu kapena kwa mkulu wa asilikali. Mu 2015 anawonjezera buku lolangiza lotchedwa Adventure Guide, lomwe limatsegulidwa podina Shift ndi J pamodzi, ndipo m'menemo muli batani loyambitsira ntchitoyo. Njira ziwirizi ndizo zinagwiritsidwanso ntchito pa Legion mu 2016, Battle for Azeroth mu 2018, Shadowlands mu 2020, Dragonflight mu 2022 ndi The War Within mu 2024.

Usiku wotsegulira ku Johannesburg

Wosewera wa ku Fourways amakumana ndi zonsezi ali ndi katundu wina pamutu. Blizzard sinaikepo makompyuta a seweroli mu Africa, choncho ambiri a kum'mwera kwa Africa amasewera pa maseva a ku Ulaya, pamtunda wa makilomita pafupifupi 9,000. Ngakhale pa intaneti yabwino ya faiba, uthenga umatenga mamilisekondi 150 mpaka 200 kupita ndi kubwerera. M'zigawo zoyambirira, pomwe chilombo chinkakhala cha amene wayamba kuchimenya, kachigawo ka sekondi kameneka kankatanthauza kuti wa ku Johannesburg amaimirira kudikira pamene wa ku Frankfurt watenga kale n'kupita.

Zaka za The Burning Crusade zinalinso zaka za intaneti yopimidwa. Telkom inayambitsa ADSL mu 2002 ndi malire a magigabaiti 3 pamwezi, ndipo munthu akawadutsa, njira yopita kunja kwa dziko inkatsekeka kapena kuchepa mphamvu kwambiri. Pa chifukwa chimenechi chigawo chatsopano chinkagulidwa m'bokosi, pa madisiki, m'masitolo a masewera, ndipo magazini ya NAG inkamata pachikuto chake disiki yodzaza zokonzera masewera osiyanasiyana kuti owerenga asamalize magigabaiti awo. Zinthu zinayamba kusintha chingwe cha pansi pa nyanja cha Seacom chitayamba kugwira ntchito mu Julayi 2009, kenaka kampani ya MWEB itayamba kugulitsa ADSL yopanda malire mu Malichi 2010. Faiba yofika m'nyumba inayamba kufalikira m'madera a kumpoto kwa Johannesburg kuyambira mu 2014. Lero chigawo chimatsitsidwa pa intaneti masabata angapo chisanatsegulidwe, n'kumangodikira ola lake.

Ola limenelo ndi lofanana kwa owerenga a ku South Africa, Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique, pakuti mayikowa amayendera nthawi imodzi. Kuyambira mu 2018 kampaniyi imatsegula chigawo pa mphindi imodzi padziko lonse. Battle for Azeroth inatsegulidwa 12 koloko usiku wolowa pa 14 Ogasiti. Dragonflight, yomwe ku America inatuluka masana a pa 28 Novembala 2022, kuno inatsegulidwa 1 koloko m'bandakucha wa pa 29. Munthu amene m'mawa mwake ali ndi ntchito ku Sandton, komanso mzere wa magalimoto wa pa Winnie Mandela ukumudikira, amakhala ndi maola awiri kapena atatu okha, ndipo theka la ola lotayika pofunafuna poyambira limamupweteka. Mu 2022 ndi 2023, zaka zomwe Eskom inkazimitsa magetsi mosinthanasinthana kuposa kale lonse, osewera ankayamba ayang'ana ndandanda ya kuzima kwa magetsi ya dera lawo asanayang'ane mapu a sewero.

Usiku wa Dragonflight unasonyezanso kuti kudziwa khomo si kulowa. Poyambira panali podziwika bwino: doko la Stormwind kwa a Alliance, nsanja ya zombo za mumlengalenga kunja kwa Orgrimmar kwa a Horde. Koma pa maseva ambiri chombocho chinachedwa kapena sichinabwere, ndipo anthu mazanamazana anaima padoko kuyang'ana nyanja yopanda kanthu mpaka kampani inakonza vutolo.

Chifukwa chiyani kufulumira kotereku? Osewera ambiri ali m'magulu otchedwa guild, omwe amapangana masiku olimbana ndi adani akuluakulu a chigawocho, anthu khumi kapena makumi awiri pamodzi. Malo m'gulu lolimbanalo ndi owerengeka. Amene wachedwa kufika pa mlingo womaliza amapeza malo ake atatengedwa, ndipo kwa munthu amene wakhala ndi anzake omwewo zaka khumi, ena a ku Pretoria, ena a ku Rotterdam, kutsalira kumeneku si nkhani ya masewera chabe.

Pamene ntchito yoyamba siikuoneka

Zifukwa zake ndi zochepa, ndipo kawirikawiri si vuto la kampani. Choyamba ndi mlingo: chigawo chilichonse chili ndi mlingo wolowera, ndipo wochepera pamenepo saitanidwa. Chachiwiri ndi kugula. Kuyambira mu 2018 malipiro a pamwezi amatsegula zigawo zonse zakale, koma chatsopanocho chimagulidwa padera, ndipo chiyenera kukhala pa akaunti ya chigawo cha dziko chomwe munthu amasewerako. Apa ndi pomwe osewera a mu Africa amakodwa: wachibale wa ku America akatumiza mphatso ya kope la kumeneko, silitsegula kanthu pa akaunti ya ku Ulaya. Pa The War Within panawonjezeka msampha wina, pakuti ogula kope lodula analoledwa kulowa pa 22 Ogasiti 2024, masiku anayi patsogolo pa ena onse, moti ambiri anaona anzawo ali kale ku Isle of Dorn n'kuganiza kuti kompyuta yawo yalakwa.

Chachitatu ndi kaundula wa ntchito. Poyamba ankalola ntchito 20 zokha pa nthawi imodzi, kenaka 25, ndipo ngakhale malirewa anakwezedwanso, kaundula akadzaza ntchito yatsopano ilibe polowa. Wosewera amene wabwerera patapita zaka amapeza kaundula wake wadzaza ntchito zakale zosatha, ndipo mankhwala ake ndi kutayapo imodzi. Nthawi zina ntchitoyo imakhala italandiridwa kale mosazindikira ndipo yabisala pansi pa mutu wopindidwa m'kaundulamo. Mapulogalamu othandizira akale, osakonzedwa kuti agwirizane ndi chigawo chatsopano, amathanso kuphimba uthenga woitana. Odziwa amayamba awazimitsa onse usiku wotsegulira.

Pali vuto lina lotembenuka, la munthu amene akufuna kuyamba chigawo chakale. Mu Okutobala 2020 kampani inafinya milingo, wa 120 n'kukhala wa 50, ndipo inaika munthu wa m'sewero dzina lake Chromie pafupi ndi nyumba za akazembe ku Stormwind ndi ku Orgrimmar. Wosewera amapita kwa iye n'kusankha chigawo chomwe akufuna kukuliramo, ndipo iye amamupatsa ntchito yoyamba ya chigawocho. Amene wapitirira kale mlingo wa dera lakale saona mifuuliro yake mpaka atatsegula pa mapu chosankha chosonyeza ntchito za milingo yotsika. Kabatani kameneka kasocheretsa anthu ambiri kuposa phiri kapena nyanja iliyonse ya m'seweromo.

Njira ya ku Japan

Sewero la Final Fantasy XIV la kampani ya Square Enix linasankha njira ina. Nkhani yake yaikulu ndi chingwe chimodzi chosaduka, chokhala ndi chizindikiro chakechake chooneka ngati mwala wamoto wogwa kumwamba, ndipo pakona ya galasi pamalembedwa dzina la ntchito yotsatira. Chigawo chatsopano chimayambira pomwe chakale chinathera. Palibe kusochera, koma palibenso kudumpha, pokhapokha munthu atalipira padera: wogula Dawntrail ya 2024 asanamalize nkhani ya 2013 ali ndi maola mazana angapo patsogolo pake.

Chingwe chimodzi chili ndi mfundo zake. Mu Juni 2017, pa chigawo cha Stormblood, ntchito ina yoyambirira inkafuna kuti wosewera alankhule ndi msilikali wotchedwa Raubahn kuti alowe m'nkhondo yapayekha. Makompyuta sanathe kutsegulira aliyense nkhondo yake, ndipo popeza panalibe njira yolambalala, anthu masauzande anakakamira pa munthu mmodziyo, ena mpaka kufola mzere ngati pa chigayo. Mu Disembala 2021 chigawo cha Endwalker chinadzaza maseva kotero kuti kampaniyo inaimitsa kaye kugulitsa seweroli.

Chomwe chinatayika m'njira

Kunena zoona, funso la poyambira lero ndi losavuta kuposa mmene linalili mu 2008. Sewero limaitana lokha, limajambula njira, ndipo kuyambira mu 2020 ntchito za nkhani yaikulu ya World of Warcraft zili ndi mfuuliro wokhala m'kachishango kuti zisiyane ndi zapambali. Koma pali osewera ambiri, makamaka aja anayamba pa ADSL ya magigabaiti 3, amene amati kuphweka kumeneku kunadula china chake. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo m'sewero lakale kufunsa kunali kokakamiza: munthu wosochera padoko la Menethil ankalemba funso, wina n'kumuyankha, ndipo maubwenzi ena omwe alipo mpaka lero anayambira pa mayankho otero. Wosewera wa lero angathe kudutsa chigawo chonse osalankhula ndi munthu.

Madandaulo amenewa asatengedwe onse monga alili, chifukwa anthu omwewo ndiwo ankathamangira ku Thottbot ndi QuestHelper pamene njira inali yobisika. Umboni unaoneka mu Ogasiti 2019, pomwe Blizzard inatulutsanso seweroli monga linalili pachiyambi, pansi pa dzina la World of Warcraft Classic, lopanda mivi ndi mapu olozera. Anthu anabwera ochuluka moti ankadikira maola ambiri kuti alowe, ndipo m'madera oyambira ena ankafola mizere mwaulemu kudikira chilombo chimodzi. Koma imodzi mwa mapulogalamu othandizira omwe anatsitsidwa kwambiri m'masabata amenewo inali Questie, yomwe ntchito yake ndi kubwezera pa mapu mifuuliro yonse imene kampani inali itachotsa.